Liu Likakalamba: Kodi Kucirikizidwa Ndi Cinyengo?

Ku maiko a ku Ulaya ndi ku America kuli cizolowezi cimene cafala pakati pa oimba amene anachuka kale koma tsopano akalamba. Munthu amene pa unyamata wake anali kuimba ndi gitala imodzi, kapena ndi bandi ya anthu anai, akafika zaka 60 kapena 70 abwerera pa nsanja, ndipo kumbuyo kwake kwakhala gulu lalikulu la oliza zoimbira lochedwa orchestra. Matikiti a konsati yotere akwera mtengo, koma maholo adzaza ndithu. Ena mwa omvera atuluka akupukuta misozi, nanena kuti nyimbo zija sizinakomepo motero. Ena atuluka akung'ung'udza kuti agulitsidwa cinyengo. Iwo ati munthuyo liu linamthera kale, ndipo mavayolini aitanidwa kudzabisa manyazi ake.

Kodi ndani akunena zoona? Funso limeneli lingaoneke ngati la anthu a kutali, koma pansi pake pali nkhani ya pakhomo pathu. Munthu mphamvu zikamcepera, ena namcirikiza, kodi nchito yotulukapo ikali yake? Nanga ife amene tikali ndi mphamvu, tingamcirikize bwanji popanda kumkwirira? Tiyeni tiyambe taona cimene cicitika pa konsati yotere, pakuti si bwino kuweruza mlandu tisanaumve.

Zimene zisintha

Liu la munthu licokera ku timinofu tiwiri ta pa m'mero timene tinjenjemera mpweya ukamatuluka m'mapapo. Zaka zikamapita timinofu timeneti tifooka ndi kuuma, ndipo mapapo sasunganso mpweya wambiri monga kale. Cifukwa cake woimba wokalamba safikanso pamwamba pamene anali kufika, sakhoza kukoka liu nthawi yaitali, ndipo nthawi zina liu limanjenjemera iye asanafune. Kwa azimai ambiri liu limatsika ndi kunenepa. Palibe pemphero kapena mankhwala amene angabweze liu la zaka 25 kwa munthu wa zaka 70.

Orchestra yathunthu ikhala ndi anthu kuyambira 70 kufika 100, m'magulu anai: oliza za zingwe monga mavayolini, amene ndiwo aposa theka la gulu lonse, oomba zitoliro, oomba malipenga a mkuwa, ndi oimba ng'oma. Aliyense ali ndi pepala patsogolo pake pamene palembedwa cimene ayenera kuliza ndi nthawi yake. Kutsogolo kuima wotsogolera ndi kandodo, ndipo onse ayang'ana dzanja lake.

Konsati isanacitike, katswiri wina akhala pansi nalembanso nyimbo zonse kuti ziyenere liu la woimbayo monga liri lero. Atsitsa kiyi kuti mkuluyo asabvutike kukwera. Acepetsa liwiro kuti apeze mpata wopuma. Pamene kale woimba anali kukoka liu mpaka kumapeto kwa mzere, tsopano aimba mau ake nasiya, ndipo mavayolini atenga liu lomwelo naligwira mpaka lithe. Pakati pa ndime aikapo cigawo cacitali ca zoimbira zokha kuti iye apezenso mpweya. Ici ndi cosintha coyamba: nyimbo isokedwanso monga telala asokanso jekete la munthu amene thupi lake lasintha.

Caciwiri, woimbayo ataya ufulu wina. Bandi ya anthu anai itsata mtsogoleri wao ndi maso cabe. Iye akafuna kubwereza kolasi katatu, kapena kuimitsa nyimbo kuti aseke ndi anthu, angokweza dzanja ndipo anzake amva. Anthu 70 owerenga mapepala sangatembenuke motero. Zonse zinawerengedwa kale, ndipo woimba akalowa mocedwa kapena akaiwala ndime, wotsogolera ndiye abvutika kubweza khamu lonse. Motero munthu amene anazolowera kulamula pa nsanja ayenera kuphunzira kumvera.

Cacitatu, omvera naonso asintha. Pa konsati ya bandi anthu aimirira, abvina, aimbira limodzi mpaka mau a woimba osamvekanso. M'holo ya orchestra anthu akhala pa mipando, ali cete, ndipo liu lirilonse limveka, labwino ndi loipa lomwe. Apa pali codabwitsa. Tikadayembekeza kuti zoimbira zikaculuka woimba abisika, koma kawiri-kawiri cicitika ndi cosiyana: anthu amene kale anabwera kudzabvina tsopano achera khutu ku mau.

Nyimbo imodzi, mau awiri

Citsanzo cabwino ndi ca amai Joni Mitchell a ku Canada, amene anabadwa mu 1943. Iwo si oimba nyimbo za Mulungu, koma nkhani yao iri ndi phunziro. Mu 1969, ali ndi zaka 25, anatulutsa cimbale cochedwa Clouds, m'mene munali nyimbo yao yochuka ya Both Sides, Now. Anaiimba ndi gitala, ndi liu lokwera ndi loyera la mtsikana. Nyimboyo ikamba za munthu amene waona mitambo, cikondi ndi moyo kucokera ku mbali ziwiri, kupeza ndi kutaya, napeza kuti sanazimvetse konse.

Mu 2000, ali ndi zaka 56, anaitulutsanso nyimbo yomweyo ataijambula ndi orchestra ya anthu pafupi-fupi 70, imene inakonzedwa ndi kutsogoleredwa ndi a Vince Mendoza. M'caka comweco anayenda m'mizinda ya ku America kucita makonsati ndi orchestra. Pa nthawi imeneyi liu lao linali litatsika kwambiri. Nyimbo inatsitsidwa, ndipo inayenda pang'ono-pang'ono. Mau olembedwa anali pafupi-fupi omwewo. Koma ambiri amene anamva zonse ziwiri anaona kuti tanthauzo lasintha. Mtsikana wa zaka 25 akanena kuti moyo saudziwa, timwetulira, pakuti wangouyamba. Mzimai wa zaka 56, amene wadwala, wakondedwa, wasiyidwa, akanena comweco ndi liu losasa, tikhala cete cifukwa tidziwa kuti waulipirira mau amenewo.

Taonani kuti orchestra sinabwezere amai Mitchell liu la utsikana. Siinayese n'komwe. Inapanga malo kuti liu lokalambalo limveke monga liri. Mavayolini anatenga nchito ya kukongola kosalala, ndipo iwo anatsala ndi nchito imene vayolini singaithe, ya kunena zoona ndi pakamwa pa munthu amene wakhala zaka. Kumeneku ndi kugawana nchito, ndipo sindiona cinyengo m'menemo.

Tisakane odandaula

Komabe tisafulumire kunena kuti odandaula aja alibe mfundo. Ali nazo zitatu zolimba.

Yoyamba ndi yakuti zoimbira za zingwe zikaculuka ziri ndi mphamvu yofewetsa mtima ngakhale mau ali opanda pake. Opanga mafilimu adziwa bwino zimenezi, ndiye cifukwa cake aika mavayolini pamene afuna kuti tilire. Tsono munthu akatuluka mu konsati ndi misozi, sizitanthauza kuti woimba anamuuza kanthu. Kapena walira kaamba ka zingwe, kapena walira unyamata wake umene nyimbozo zamkumbutsa. Bvuto limeneli si latsopano. Augustino Woyera, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira mu 430, analemba kuti anali kudziona wocimwa pamene kukoma kwa maimbidwe kunamgwira mtima kuposa mau oimbidwawo, ngakhale kuti anabvomereza ubwino wa kuimba mu mpingo.

Yaciwiri ndi yakuti pali ndalama. Dzina la woimba wakale ndi malonda, ndipo alipo amene afuna kulikama mpaka dontho lotsiriza. A Frank Sinatra, amene anabadwa mu 1915, anapitiriza kuimba ndi orchestra mpaka Disembala 1994, ali ndi zaka 79, mwana wao Frank Sinatra Jr. ndiye akutsogolera oliza. M'zaka zotsirizazo anali kuiwala mau a nyimbo zimene anaimba moyo wao wonse, kotero kuti mau anali kuwalembera pa magalasi oikidwa patsogolo pa nsanja. Mu Malichi 1994 anakomoka pakati pa konsati ku Richmond. Orchestra inali kuliza bwino lomwe monga mwa masiku onse. Koma munthu wacifundo ayenera kufunsa ngati mkuluyo anali kunyamulidwa kapena kukankhidwa.

Yacitatu ionekera pa nkhani ya Elvis Presley, amene anamwalira mu 1977. Mu 2015 anthu anatenga mau ake akale nawaphatikiza ndi Royal Philharmonic Orchestra ya ku London, natulutsa cimbale cochedwa If I Can Dream, cimene cinagulidwa kwambiri ku Britain. Mu 2016 kunacitika makonsati m'mizinda ya kumeneko, m'mene orchestra inali kuliza pamaso pa anthu, mwini wake akuoneka pa cinsalu cacikulu ca kanema. Apa cocirikiza cinatsala cokha, wocirikizidwa atapita kale. Palibe anamfunsa ngati afuna, ndipo sakadatha kukana. Mpanda unaimirira bwino, koma munda munalibe mwini.

Odandaula angaonjezenso kuti njira ina iripo. Mu 1994 a Johnny Cash, ali ndi zaka 62, anatulutsa cimbale ca American Recordings, m'mene munali liu lao ndi gitala imodzi, basi. Makampani a nyimbo anali atawaiwala, koma cimbale cimeneci cinawabweza pamaso pa anthu, ndi acinyamata omwe anawakonda. Iwo sanabvale kanthu kobisa ukalamba. Tsono wina angati: ngati a Cash anatha kuima okha, bwanji enawa afuna anthu 70?

Kusiyanitsa thandizo ndi bodza

Kuti tiyankhe tiyenera kudziwa coyamba cimene cinyengo ciri. Cinyengo ndi kuonetsa anthu mphamvu ya wina ngati yako, iwo osadziwa. Mu 1990 anyamata awiri a gulu la Milli Vanilli analandira mphotho ya Grammy, koma mu Novembala caka comweco anailandidwa zitadziwika kuti mau a pa cimbale cao sanali ao. Iwo anali kungogwedeza milomo, oimba eni-eni atabisidwa. Cimeneco ndico cinyengo, pakuti othandiza anabisidwa ndipo ulemu unapita kwa osagwira nchito.

Orchestra siibisala. Anthu 70 akhala poyera, magetsi akuwaunika, ndipo aliyense wogula tikiti awaona. Woimba akaima patsogolo pao akhala ngati akubvomera pamaso pa onse kuti yekha sangathenso. Kubvomera kotere ndi kudzicepetsa, ndipo kudzicepetsa si bodza.

Kumbukani nkhani ya pa Eksodo 17. Aisraeli anali kumenyana ndi Amaleki ku Refidimu, Yoswa akutsogolera nkhondo m'cigwa, Mose ali pamwamba pa citunda ndi ndodo ya Mulungu. Manja a Mose akakhala m'mwamba Aisraeli anali kupambana, akatsika Amaleki anali kupambana. Mose anali munthu wa zaka zoposa 80, ndipo manja ake analema. Aroni ndi Huri sanamuuze kuti apite akapume. Sanamlande ndodo kuti aikweze iwo amene anali ndi nyonga. Anatenga mwala namkhazikapo, wina nagwira dzanja ili, wina linalo, mpaka dzuwa kulowa. Mphamvu inali ya Aroni ndi Huri, koma manja okwezedwawo anali a Mose, ndipo aliyense woyang'ana ku citunda anaona anthu atatu. Panalibe cobisika.

Pa nkhani imeneyi tingapezepo mafunso atatu oyesera thandizo lirilonse. Loyamba: kodi munthuyo akali kumveka? Aroni akadalanda ndodo, bwenzi Mose atangokhala cokongoletsa pa citunda. Orchestra ikalira kotero kuti liu la woimba lingoyandama ngati tsamba pa madzi, yaleka kucirikiza, yayamba kulowa m'malo. Laciwiri: kodi munthuyo afuna? Mose anakwera yekha pa citunda, palibe anamkokera. Lacitatu: kodi phindu lipita kwa yani? Aroni ndi Huri anaima tsiku lonse, ndipo sanapemphe kuti maina ao akumbukike.

Ndi muyeso umenewu tiona kuti amai Mitchell ndi a Cash sasiyana kweni-kweni. Onse awiri analola anthu kumva liu lao monga ukalamba unalisiyira. Wina anasankha gitala, wina anasankha mavayolini. Cinyengo sicikhala m'kuculuka kwa zoimbira. Cikhala m'kubisa, ndipo munthu angabise ndi makina amodzi okonza mau monga angabise ndi anthu 100.

Nthawi yotsika pa nsanja

Patsala funso lobvuta, limene muyeso wathu sulithetsa mosabvuta. Bwanji ngati munthuyo sakhozanso kunena bwino cimene afuna? A Tony Bennett, amene anabadwa mu 1926, anapezeka ndi matenda oiwalitsa a Alzheimer mu 2016, ndipo banja lao linaulula zimenezi mu 2021. Pa 3 ndi pa 5 Ogasiti caka comweco, atakwanitsa zaka 95, anaimba makonsati awiri otsiriza ku Radio City Music Hall mu New York pamodzi ndi Lady Gaga, orchestra ikuwacirikiza. Munthu amene anali kuiwala zinthu za tsiku ndi tsiku, nyimbo ikangoyamba anali kukumbuka mau ake. Zoimbirazo zinakhala ngati njira yakale imene mapazi aidziwa ngakhale usiku. Patapita masiku ocepa banja linalengeza kuti sadzacitanso makonsati, ndipo anamwalira mu 2023.

Kodi kunali koyenera kuwaimika pamaso pa zikwi za anthu? Ena ati inde, pakuti pa nsanja ndi pamene anali kukhalanso iwo eni. Ena ati iai, pakuti munthu wodwala motero sangabvomere ndi nzeru zonse. Ine ndiona kuti cimene cipulumutsa nkhaniyi ndi cakuti banja linanena zoona za matendawo poyera, ndipo linadziwa polekezera. Thandizo limene silidziwa polekezera lisanduka nkhanza.

Baibulo litipatsanso munthu amene anadziwa yekha polekezera. Pa 2 Samueli 19 tiwerenga za Barizilai wa ku Gileadi, munthu wacuma amene anadyetsa Davide pamene anali kuthawa Abisalomu. Nkhondo itatha mfumu inamuitana kuti akakhale nayo ku Yerusalemu. Iye anakana mwaulemu. Anati ali ndi zaka 80, cakudya sakucimvanso kukoma, ndipo makutu ake samvanso oimba a ku nyumba ya mfumu. Anapempha kuti Kimhamu apite m'malo mwake, iye nabwerera kwao. Mose analola kugwiridwa manja, Barizilai anakana kunyamulidwa, ndipo Malembo sadzudzula mmodzi wa iwo. Cimene afanana ndi cakuti onse awiri sanadzinamize za mphamvu zao. Ndipo taonani kuti Davide sanamkakamize, komanso sanayambe ndiye kumsiya. Anamuitana, nasiya mkuluyo asankhe yekha.

Tibwere kwathu

Tsono mungafunse kuti zonsezi zitikhudza bwanji ife a ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Matero. Zitikhudza cifukwa maimbidwe athu akale anamangidwa pa nzeru yomweyi. Pitani pa maliro pamene azimai aimba usiku wonse popanda coimbira ciriconse. Woyambitsa nyimbo kawiri-kawiri ndi mai wacikulire amene liu lake linasasa kale. Iye aponya mzere, ndipo gulu lonse libvomera pa kiyi imene iye waiyamba, pa liwiro limene iye waliika. Mpweya ukamthera, obvomera agwira nyimbo mpaka iye alowenso. Palibe amati agogo atinamiza. Tonse tidziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo tidziwanso kuti popanda iwo sitikadadziwa ndime yacinai ya nyimboyo, kapena nyimbo yoyenera pamene thupi lituluka m'nyumba.

Koma taonani cimene cicitika m'machalichi ambiri Lamulungu m'mawa. Kiyibodi, maikolofoni ndi masipika ziri m'manja mwa ife acinyamata. Mnyamata wa pa kiyibodi asankha kiyi yoyenera atsikana a kwaya, akhazika ng'oma za m'makina pa liwiro la kukonda kwake, nakweza sipika mpaka mazenera anjenjemera. Agogo amene anayambitsa nyimbo mu mpingo umenewo zaka 40 ayesa ndime yoyamba, aona kuti yakwera kwambiri ndipo ithamanga, natseka buku lao. Palibe wawathamangitsa. Palibe wawanyoza. Koma Lamulungu lotsatira abwera osanyamula buku, ndipo mpingo wataya liu popanda wina kuzindikira. Makina a ng'oma sadikira munthu. Wotsogolera orchestra wabwino ayang'ana cifuwa ca woimba kuti aone pamene apuma, koma makina sayang'ana kanthu.

Apa ndi pamene nkhani ya akatswiri a kutali itiweruza. Anthu 70, aliyense wa iwo ataphunzira coimbira cake zaka zambiri, alola kutsitsa mau ao kuti nkhalamba imodzi imveke. Woliza vayolini angathe kuthamanga kuposa woimba aliyense, koma adzigwira. Luso lake lalikulu pa usiku umenewo ndi kudziletsa. Nanga ife, amene taphunzira kiyibodi miyezi isanu ndi umodzi, cikutikanikitsa n'ciani kutsitsa kiyi? Pa kiyibodi pali kabatani ka transpose kamene katsitsa nyimbo yonse ndi cala cimodzi. Cimene a Mendoza anacitira amai Mitchell ndi mapepala ambiri-mbiri, ife tingacitire agogo athu m'kamphindi. Cosowa si makina. Cosowa ndi mtima wofunsa kuti, "Agogo, apa pali bwino kapena nditsitseko?"

Mtumwi Paulo pa 1 Akorinto 14 akumbutsa kuti citoliro kapena zeze zikapanda kusiyanitsa maliridwe, palibe angadziwe nyimbo imene ikulizidwa. Mfundo yake inali yakuti za mu mpingo ziyenera kumveka ndi kumangirira ena. Tiyeni tidziyese ndi muyeso womwewo. Pamene tiliza pansi-pansi m'busa akupemphera, anthu nayamba kulira, kodi agwidwa ndi Mau kapena ndi kiyibodi? Nkhawa ya Augustino ikali ndi nchito. Zoimbira ndi mphatso ya Mulungu, ndipo Masalmo adzala ndi malipenga ndi azeze. Koma mphatso yomweyo ingatipatse misozi yochipa imene iuma tisanafike pa geti.

Lamulo la kulemekeza makolo silithera pa kugwada ndi kuwalandira katundu. Lifikanso pa kuwasiyira malo m'zinthu zimene ife tsopano tizitha kuposa iwo. Akulu anati mau a akulu akoma akagonera, ndipo liu lao liri cimodzi-modzi. Liu losasa la munthu amene waika ana m'manda napitiriza kukhulupirira, likaimba za kukhulupirika kwa Mulungu, linena cinthu cimene kwaya yathu yonse ya mau osalala singacinene. Ife tidziwa nyimbo. Iwo adziwa cimene nyimboyo ikamba. Mpingo usowa zonse ziwiri, ndipo popeza mabatani ali m'manja mwathu, ife ndife tisankha ngati ziwirizi zidzamvekera pamodzi.

Komanso tisaiwale mbali inayo. Masalmo 71 ndi pemphero la munthu wokalamba wopempha kuti Mulungu asamtaye mphamvu zake zikatha. Tsiku lina pempherolo lidzakhala lathu. Amai Mitchell anadwala matenda akulu a mtsempha wa mu ubongo mu 2015, ndipo anayenera kuphunziranso kuyenda. Mu 2022 anaimbanso ku Newport atakhala pa mpando, atazingidwa ndi oimba acicepere amene anakula akumvera nyimbo zao, ndipo mu 2024, ali ndi zaka 80, anaimba nyimbo ija ya 1969 pa mwambo wa Grammy. Munthu wonyada sakadalola kuonekera motero. Akadasankha kukumbukika ndi liu la zaka 25. Kulandira thandizo poyera kufuna kulimba mtima kofanana ndi kulipereka, ndipo kuphunziridwa pa unyamata. Wacinyamata amene lero acita manyazi kupempha mnzake kuti amthandize masamu, kapena kuuza gulu kuti ali pa bvuto, adzakhala nkhalamba yobvuta kuigwira manja.

Yankho langa tsono ndi ili. Kucirikizidwa si cinyengo ngati wocirikizidwayo akali kumveka, ngati iye mwini afuna, ndipo ngati ocirikiza sabisika kapena kudyerapo. Cimodzi mwa izi cikasowa, tiyenera kucenjera, ngakhale nyimbo ikome bwanji.

Pa msonkhano wanu wa acinyamata sabata ino, kambiranani izi. Ndani mu mpingo wanu amene kale anali kuyambitsa nyimbo koma tsopano akhala cete? Kodi munawafunsapo cifukwa cake? Sankhani nyimbo imodzi ya m'buku imene iwo aikonda, pitani kwao mukawapemphe kuti akuphunzitseni monga anali kuiimbira, ndipo pemphani akulu a mpingo kuti tsiku lina iwo aiyambitse, inu mubvomere. Wa pa kiyibodi azime ng'oma za m'makina, adikire agogo ayambe, apeze kiyi yao, nawatsate pambuyo. Kapena adzakana monga Barizilai, ndipo mudzalemekeza kukana kwao. Koma akane okha, ataitanidwa. Ambuye akudalitseni pamene mukuyesa.